Bawuti imodzi, amakaniko dera lonse

Sabata yachitatu tsopano galimoto ija ili chikwezere mwendo kuseri kwa mpanda, ndipo m'dera lathu lino watsala wosaperekapo maganizo ndi khanda lokha. Nkhani yake tonse tikuidziwa. Mwiniwake anatopa ndi kagugudegugude wa kutsogolo pa dzenje lililonse la mumsewu, anapita ku Biwi kukagula bushi yatsopano, n'kuuza akunyumba kuti atereke tiyi poti ntchito yake ndi ya ola limodzi. Mabawuti onse anamvera. Inatsala imodzi, ya sipanala 19, yogwira mkono wa m'munsi wa tayala. Tiyi anazizira, Loweruka linatha, ndipo kuyambira pamenepo bawutiyo yaweruzidwa pa bawo, ku chigayo, m'minibasi ngakhale pobwera kumaliro.

Mkangano woyamba ndi wa komwe dzimbirilo linachokera. Ena akuti galimotoyo ndi ya ku Britain, ndipo kumeneko amawaza mchere m'misewu nyengo yozizira kuti madzi asaundane, choncho kunsi kwa galimoto zawo kumadyeka ngati chitini cha m'bafa. Ena akulumbira kuti ndi ya ku Japan, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndiye mlandu ndi wa mphepo ya panyanja. Anthu a mchere ali ndi mfundo, ndipo nawonso a ku Japan asanyade, poti kumpoto kwa dzikolo, monga ku Hokkaido, nakonso amathira mankhwala osungunula chipale m'misewu. Koma masabata ochepa a m'sitima sangapose zaka zonsezi zomwe galimotoyo yasambira m'matope athu kuyambira Disembala mpaka Malichi. Palinso kagulu kena konong'ona kuti bawutiyo “inamangidwa”. Apa sititsutsa: bawuti iliyonse imamangidwa. Funso n'lakuti anaimanga ndi sipanala kapena ndi zina.

Atatha za chiyambi, anabwera asing'anga a zitsulo, aliyense ndi botolo lake. Wina akuti palafini, wina dizilo, wina oyilo wakuda wotsala posintha wa mu injini. Achikulire sagwedezeka pa mafuta a mabuleki: akuti palibe nati yomwe inawakanapo, ngakhale sanena kuti mafuta omwewo akadonthera pa penti amaisupula. Anyamata a pa foni akuti WD-40 basi, ndipo mmodzi anatiphunzitsa kuti dzinalo limanena za kuthamangitsa madzi, osati kusungunula dzimbiri, kenako iye yemweyo n'kupopera theka la chitini. Ndiye pali a Coca-Cola. Awa timawaseka, koma sakunama kotheratu, chifukwa m'chakumwacho mulidi asidi wochepa yemwe amayeretsa msomali wadzimbiri ukaugoneka m'kapu usiku wonse. Vuto n'lakuti galimoto sungaigoneke m'kapu. Botolo linathiridwa, nyerere zinabwera kudzathokoza, bawuti ili phee.

Chodabwitsa n'chakuti onsewa amagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mankhwala amafuna nthawi: upale dzimbiri ndi bulashi yawaya, uthire madzulo, ugogode pang'ono kuti alowerere m'mazinga, uthirenso m'mawa. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anadikira kupitirira mphindi zisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, timatero tonse, makamaka galimoto ikakhala ya mnzathu.

Kenako linafika gulu la mphamvu. Awa sakhulupirira za mabotolo. “Achimwene, bweretsani paipi,” amatero, akupinda malaya. Nzeru yawo ndi yoona: ukaveka paipi ya mita imodzi pa chogwirira cha masentimita 25, mphamvu yopotokola imachuluka kanayi. Chomwe amaiwala n'chakuti mphamvu yonseyo iyenera kukathera penapake. Ikapanda kumasula nati, imathyola bawuti, kapena sipanala, kapena zala. Tsiku limenelo inasankha mutu wa bawuti. Sipanala yotseguka kukamwa inaterereka kawiri, makona asanu ndi limodzi a mutuwo n'kuperepeseka, mutu uli ngati ndalama yachitsulo. Apa m'pamene aliyense anakumbukira kuti pamafunika soketi ya makona asanu ndi limodzi yogwira mutu wonse, ndiponso kuti umayamba wamanga pang'ono kuti dzimbiri lisweke usanamasule. Nzeruzi zinalipo chikhalire, zinangochedwa kufika ndi theka la ola.

A hamala nawo sanafune kutsalira. Ena akuti anamenya kakhumi, ena akuti kufikira agalu a mzere wonse atauwa. Nati inachokadi, ndipo kunamveka nthungululu. Koma pomenya nsonga ya bawuti yopanda nati, nsongayo inaphwatalala ngati bowa, moti ngakhale bawutiyo ikanasintha maganizo, potulukira panalibenso. Madala ena omwe anali chete pa mpando anangoti, “Mukanabwezera nati kunsongako musanamenye,” n'kupitiriza kusenda chinangwa chawo.

Za moto ndiye zatigawa pakati. Mbali ina ikuti itanani wowotcherera abwere ndi gasi, chitsulo chikatentha chimafutukuka, dzimbiri limasweka, nkhani yatha. N'zoona, ndipo pa nati yokakamira moto ulibe mnzake. Mbali inayo ikufunsa kuti pafupi pomwepo pali chiyani. Pali mphira wa bushi yemwe amayaka ndi utsi wonunkha, pali paipi ya mabuleki, pali shoko yomwe mkati mwake muli mafuta ndi mpweya wopanikizidwa, ndipo penapake pamadutsa petulo. Wina akuti anaonapo galimoto ikupsa yonse chifukwa cha bawuti imodzi. Pofika kumsika nkhaniyo inali itakula: zinapsa galimoto ziwiri ndi khola la nkhuku. Za nkhukuzo sitikuikira umboni, koma mantha akewo ndi anzeru. Amayi a pakhomopo anaweruza mwachidule kuti moto wa pakhomo pawo ndi wa pa mbaula wokha.

Amayi omwewo ndiwo ananena chinthu chanzeru koposa m'masabata onsewa, ngakhale sanawerengedwe m'gulu la amakaniko. Ataona amuna anayi akukoka paipi, galimoto ikugwedezeka pa jeke ndi njerwa ziwiri, mwamuna wawo ali chigonere kunsi, anati atuluke kaye. Njerwa imaphwanyika osachenjeza, jeke ndi yonyamulira osati yogonera pansi pake. Pamafunika zochirikiza zachitsulo, tayala lochotsedwalo n'kuligoneka kunsi, matayala enawo n'kuwatsekera. Pa ichi palibe anatsutsa, ndipo kanali koyamba.

Nanga bawutiyo inkakaniranji nati itachoka kale? Apa ndi pomwe tonse tinaphonya, ife oweruza tomwe. Tinkalimbana ndi mazinga pomwe ndewu inali mkati. Bawuti ya mkono imadutsa m'kapaipi kachitsulo komwe kali pakati pa bushi, kozunguliridwa ndi mphira. Madzi akalowa mmenemo, dzimbiri limamera, ndipo dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chomwe ladya, choncho bawuti ndi kapaipiko zimasanduka chinthu chimodzi. Ukapotokola, umapotokola mphira, ukasiya umabwerera. Ukamenya, mphira umameza nkhonya. Ukathira mafuta, safika. Aliyense anali ndi mankhwala abwino a matenda ena.

Mapeto ake anali opanda ulemu. Mnyamata wa pa galaja ina, yemwe sanafunsidwepo maganizo, analowetsa sowo ya zitsulo mbali iyi ndi mbali iyo ya bushi n'kudula bawutiyo pawiri. Ena akuti akanagwiritsa ntchito galayinda zikanatenga mphindi zitatu, ena akuyankha kuti magetsi anali atathima, ndipo pa mfundo imeneyo palibe apilo. Mkono unagwa pansi, bushi yakale ili chikumbatire chidutswa chake.

Musaganize kuti mkangano unathera pomwepo. Tsopano wasamukira pa bawuti yolowa m'malo. Ena akuti iliyonse ya muyezo womwewo ikwana, ya mu hadiweya n'njotsika mtengo. Ena akuti yang'anani manambala a pamutu: 8.8 si 10.9, ndipo bawuti ya pa geti siyenera kunyamula banja pa msewu wa M1. Awa apambana. Apambananso omwe akuti ipakidwe girisi pathupi isanalowe m'bushi, ndi kuti imangidwe komaliza galimoto itatsika n'kuima pa matayala ake, apo ayi mphira watsopanoyo ukhala chipotokolere n'kung'ambika mvula isanathe. Akatero, mwini galimoto akaonetsenso alayimenti, matayala asadyeke mbali imodzi.

Chomwe sitingathe kugamula ndi cha mwini chipambano. Wa palafini akuti ndiye anaifewetsa. Wa hamala akuti ndiye anaiopseza. Wa Coca-Cola akufuna abwezeredwe botolo lake. Onong'ona aja akuti sowo inangodula chifukwa womangayo anakhululuka. Mnyamata wodulayo analandira ya sopo n'kumapita, ndipo dzina lake palibe akulikumbukira.

Mwini galimoto sakuyankhapo kanthu. Dzulo madzulo anaoneka atagwada mbali inayo ndi tochi, akuyang'ana kunsi nthawi yaitali, chifukwa mkono wa kumanja nawo unali utayamba kale kugogoda, ndipo bawuti yake inasamba matope omwewo. Akuti wathirapo kale mafuta, ndipo wauza akunyumba kuti Loweruka likudzali geti likhale lokhoma. Ife tamva, ndipo paipi tabwereka kale.