Ulemu kwa a Matope a njira ya ku Luembe

Mafumu a m'boma la Nyimba timawadziwa: a Luembe, a Ndake, a Nyalugwe ndi a Mwape. Koma mvula ikangoyamba mu Novembala, kumabwera wolamula wina amene sanalongedwe ufumu ndi munthu, ndipo alibe nduna ngakhale kapaso. Ndikunena a Matope, eni njira yochoka pa Nyimba kutsetserekera kuchigwa cha Luangwa. Tiombe m'manja, abale.

Kumaiko a anzathu anthu amalipira ndalama zankhaninkhani kuti akavutike. Amamangirira tenti ndi kabwato ka pulasitiki pamwamba pa Land Cruiser, n'kupita kukafuna gombe la nyanja yamchere ndi njira yoipa yoyeserapo matayala. Nyanja yamchere ife a ku Zambia tilibe, koma njira yoipayo a Matope amatigawira ulele, osapempha ndi ngwee yomwe.

Taonani chilungamo chawo. Pa Great East Road, kuchokera pa mlatho wa Luangwa wa mu 1968 uja mpaka ku Petauke, wa galimoto yaikulu ndiye bwana. Amayi ogulitsa nthochi pa Nyimba amawadutsa osatsitsa ndi galasi lomwe. Koma angosiya tala mwezi wa Januwale, akumane ndi makande. Dothi limeneli likauma limang'ambika ming'alu n'kulimba gwa, likamwa madzi limafufuma n'kumata. Limadzaza timizere ta tayala mpaka tayala lisalale, ndiye dalaivala akamaponda moto mwaukali, m'pamene akudzikumbira yekha dzenje. Galimoto ikakhala pansi ndi mimba, bwana uja amatsika, nsapato kumanja, buluku lopinda m'mawondo, n'kuyamba kuitana kamnyamata ka panjinga: "Akulu, tithandizeniko." Ndi sukulu iti imene ingaphunzitse munthu ulemu msanga chotere?

Pa nkhani ya ntchito, a Matope saneneka. Galimoto imodzi ikatitimira, mudzi wonse wapeza ganyu. Ena abwera ndi makasu ndi mafosholo, ena adula nthambi za tsanya zoyala pansi pa matayala, ena akweza jeke pa chipika, ndipo palinso mkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuloza chabe. Mtengo umakambidwa mtambo wakuda ukuyandikira, choncho sutsika.

Wofuna kugona patchire asavutike n'kusankha malo. A Matope amamusankhira okha, pomwe watitimira pomwepo, ndipo udzudzu umabwera kudzamulonjera usiku wonse. Kabwato ka pulasitiki kaja, mlendo akabwera nako kuno, kamafika kumtsinje mwaulemu, ngati kafika. Luangwa yodzaza, yofiira, yokokolola mitengo ndi mizu yomwe, yokhala ndi mvuu ndi ng'ona zake, imachititsa mlendo kukasiya padenga pomwepo n'kukwera bwato losema la mwini dera, amene amadziwa pobisala mvuu ya mwana.

Alipo a miseche amene amati a Matope amachedwetsa feteleza mpaka chimanga chitachita chikasu, amati amagoneka mayi wodwala pakati panjira yopita kuchipatala, amati mphunzitsi wotumizidwa kuchigwa amathawa chifukwa cha iwo. Zoona zimenezo, koma muvomereze kuti alibe tsankho: ambulansi amaigwira monga momwe amagwirira galimoto ya mlenje wolemera.

Chimene ndimawatamira koposa ndi kudzichepetsa. Malamulo a dziko lino anaika chisankho pa Lachinayi lachiwiri la Ogasiti, ndipo mu 2016 ndi mu 2021 tinavotadi mwezi umenewo. Nthawi imeneyo a Matope amakhala atapita kutchuthi kuyambira mu Meyi, kuopa kuchititsa manyazi alendo olemekezeka. Ofuna mavoti amatsetsereka bwinobwino, nalonjeza msewu ataimirira pouma, nabwerera ku Lusaka tsiku lomwelo atangodetsedwa pang'ono ndi mng'ono wawo wa a Matope, a Fumbi.