Dzino langa ndi maliro amene sanagwe

Kunyumba kwathu ku Area 24 ine ndimadziwika kuti sindikhulupirira maloto. Mbiri imeneyi ndinaimanga ndekha ndi pakamwa pangapa. Mayi akunyumba akadzuka n'kunena kuti alota akudya nyama, choncho afiti ayamba kutizungulira, ndinkayankha kuti afitiwo ndi achifundo, poti ine nyama ndinaigula komaliza pa Khirisimasi. Mlamu wanga atalota manyi n'kuyamba kuwerengera ndalama zomwe akuti zili m'njira, ndinamulangiza kuti azidzera kuchimbudzi asanagone. Dzina la Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna uja, ndinkalitchula ngati tinakhalira benchi imodzi kusukulu.

Ndiye usiku wina m'mwezi wa Juni, chisanu chitalimba, ndinalota ndikudya nsima ya therere, ndiwo yosafuna n'kutafuna komwe. Dzino lotafunira linangoti gulu, n'kugwera m'mbale. Polinyamula linkalemera ngati mwala wa ku Ngwenya. Ndinadzidzimuka cha m'ma 4 koloko, magetsi atazima, thukuta lili kamukamu m'chisanu chomwecho.

Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti dzino likaguluka kutulo, pachibale pagwa maliro. Freud uja sindinamuonenso. Ndinatenga foni n'kukabisala kubafa kuseri kwa nyumba kuti mayi akunyumba asamve, n'kuimbira amayi ku Mitundu.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Wandidzutsa ndiwe. Kwagwanji usiku uno?"

"Palibe, ndimangofuna ndimve mawu anu."

"Iwe? Kuyambira liti?"

Pamene ndinalakwitsa zenizeni m'pouza amalume za lotolo. Pofika masana mudzi wonse unali utadwala. Amalume msana, azakhali mutu waching'alang'ala, msuweni wanga yemwe amanyamula matumba awiri a chimanga panjinga anayamba kumva chizungulire. Aliyense ankafuna ya thiransipoti yopitira kuchipatala, ndipo ine, poopa kudzanenedwa kuti ndinachenjezedwa koma ndinaumira, ndinatumiza pafoni ndalama ya lendi. Sabata inatha. Zimene zinafa kumudziko ndi nkhuku ziwiri za chitopa.

Manyazi atandigwira, ndinabwerera ku mabuku anga kuti ndikapezeko chondiwombola. Freud anatulutsa buku lake la kumasulira maloto kumapeto kwa 1899, ngakhale pachikuto analembapo 1900. Iye ankanyoza njira yomasulira ngati yoona mitengo pa golosale, yakuti njoka ndi chakuti, madzi ndi chakuti. Ankati wolotayo afotokoze yekha chilichonse chomwe chizindikirocho chikumukumbutsa, chifukwa loto ndi chikhumbo chobisika chomwe chavala zovala za eni ake kuti chisazindikiridwe. Mpaka apo ndinkangogwedeza mutu. Koma nditafika pomwe akukamba za mano, ndinapeza kuti mkuluyu nkhaniyo waikhotetsera ku za m'kabudula. Ndinatseka buku. Bambo wa ana anayi, mkulu wa mpingo, sangapite nazo zimenezo kwa akazi ake.

Carl Jung, yemwe anasiyana ndi Freud mu 1913, anandikomerako mtima pang'ono. Iye ankaona kuti loto limabweretsa poyera zimene munthu akuzinyalanyaza masana. Mawu amenewa ndinawakonda kwambiri, koma sindinadzifunse kuti ine ndikunyalanyaza chiyani. Ndinawerenganso za Alfred Maury wa ku France, amene analota akudulidwa mutu, podzuka n'kupeza kuti thabwa la bedi lamugwera pakhosi. Ndinaseka, ndikumati azungu nawonso amapusa. Ngakhale kafukufuku wa mu 2018 wa ku yunivesite ya Ben-Gurion ku Israel, amene anapeza kuti maloto a mano oguluka amayendera limodzi ndi kumva nsagwada zitalimba podzuka, ndinamuwerenga ngati nkhani ya munthu wina.

Mwininyumba atabwera kachiwiri kudzafunsa lendi, sindikanachitiranso mwina. Ndinaulula zonse madzulo, mayi akunyumba akuvundula nsima pambaula. Sanasiye n'komwe mthiko.

"Bambo, inu chitengereni ndalama ya katapila ija mumakukuta mano usiku wonse ngati mbuzi yobzikula. Ine tulo ndinasiya kale. Ndiponso miyezi itatu ino mukutafunira mbali imodzi, nzimbe mukuzikana, madzi ozizira mukumwa mutatsinzina. Mumayesa sindikuona?"

Ndinayesa kuwauza kuti zimenezo n'zofanana ndi zomwe ananena Jung. Anandifunsa ngati a Jung amenewo atilipirire lendi.

Zoona zake n'zakuti dzinolo linali ndi bowo loti njere ya mpunga n'kulowamo, ndipo ndinkalitokosa ndi kamtengo ka machesi tikatha kudya, n'kumadziuza kuti lipola lokha. Ndimaopa jakisoni wa m'kamwa. Munthu amene ndinalimba mtima kudzutsa amayi anga okalamba m'bandakucha kuti ndimve ngati akupumabe, ndinalephera kukhala pampando wa dokotala wa mano mphindi makumi awiri. Anandiperekeza ndi mayi akunyumba, atandigwira dzanja m'minibasi ngati mwana wopita kusikelo. Dokotala atalizula analiponya m'kambale kachitsulo, ndipo linalira ndendende momwe linalirira m'mbale ya therere ija. Tikutuluka, thonje lili m'kamwa, mayi anandifunsa ngati aimbe ku Mitundu kuti maliro aja apezeka.

Sabata yatha iwo anadzuka n'kunena, akupinda bulangete, kuti alota nsomba. Kuno aliyense amadziwa kuti nsomba kutulo ndi mimba. Ndinawafotokozera modekha, monga munthu wowerenga, kuti dzulo lake tinadya usipa ndipo fungo linagona m'nyumba. Anavomera. Atangotuluka kukatunga madzi, ndinatsitsa kalendala pakhoma n'kuyamba kuwerenga masiku ndi chala.