Galu Wamkota Watsikira ku Masiphumelele

Kale alenje popita ku uzimba ankatenga agalu amitundu iwiri. Panali kagalu kanthete, kothamangira kutsogolo lilime lili panja, kouwa chitsa, kokanda pa una uliwonse ngakhale wa mafulufute, mpaka anthu kutuluka matuza ndi kukumba dothi lopanda kanthu. Ndiye panali nkhalamba ya galu, mano operewera, nthiti zowerengeka, yotsalira m'mbuyo mwa onse. Imeneyi ikaima pachulu n'kuyamba kupalasa, alenje ankatula mikondo n'kutenga makasu osafunsana. Ankadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Mwambiwu nawo unakwera basi. Unadutsa pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudinditsa pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, ndipo lero uli ndi chisakasa chake ku Masiphumelele, m'mbali mwa Kommetjie Road, pakati pa Fish Hoek ndi Kommetjie. Akale amatchulabe malowa kuti Site 5, enafe timangoti Masi. Kungoti paulendowu agalu anthete onse anatsala ku boda. Kuno aliyense ndi wamkota. Mnyamata watsika Lachisanu, fumbi la ku Mangochi likadali m'makutu, pokwerera takisi ya ku Fish Hoek sakupadziwa, koma pofika Lolemba akukugwira paphewa: "Achimwene, ine mtima wanga sunama."

Mawu amenewa amamveka pamzere wotumizira ndalama kumudzi, pa bawo, kutchalitchi ngakhale pa siwa. Amamveka oona chifukwa mtima uli ndi mlembi wokondera. Ukalasa, timaitana mudzi wonse udzamve. Ukaphonya, timati zinali nyemba zadzulo zikutembenuka m'mimba, n'kuiwala.

Pa 17 Disembala 2020, Lachinayi, moto unabuka m'zisakasa zoyandikira kudambo. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa inali ikuwomba monga imachitira nyengo yotentha ya kuno, ndipo zisakasa zoposa 1,000 zinasanduka phulusa, anthu zikwizikwi kutsala ndi zovala za m'thupi zokha, Khirisimasi itatsala sabata imodzi. Pa moto umenewo palibe choseketsa. Choseketsa chinadza m'mawa mwake, aneneri atayamba kuphuka paphulusapo.

"Ine chikope cham'munsichi chinayamba kugwedera Lolemba."

"Ine ndinalota ndikukazinga chimanga, ndinadziwiratu."

"Nanga pasipoti ili kuti, bambo mneneri?"

"Yapsa, mlamu. Inali pansi pa matiresi."

Komabe tisawaseke onse. Ku Masi kuli amayi ena amene anauona moto wa 2011, nauonanso wa 2015. Amenewa usiku wina amangodzuka, kutenga pasipoti, khadi la kuchipatala la mwana ndi tindalama ta lendi, kukulunga mu pulasitiki, kuika m'chikwama n'kuchisiya pafupi ndi chitseko. Nsapato za ana amazindandalika pamene phazi lingazipeze mumdima. Mukawafunsa kuti, "Mayi, kwagwanji?" amangoti, "Thupi langondiuza." Mukakhala nawo pansi n'kuwafunsa modekha, thupilo limayamba kufotokoza. Malata akulira ndi mphepo kuyambira madzulo. Magetsi azima, ndiye kuti m'zisakasa zonse mwayaka makandulo ndi masitovu a parafini. Ndi kumapeto kwa mwezi, ndipo mnyamata wa kuseri kwa khoma wabwera akuimba yekha, machesi akumugwa m'manja. Mayiwo sanakhale pansi kuwerengetsa zinthu zinayizi chimodzichimodzi. Zinawonkhetsedwa zokha m'kati, yankho n'kutulukira m'thupi.

Azungu nawo anazifufuza izi, ndi ndalama zambiri monga mwa chizolowezi chawo. Gary Klein, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, anatha zaka akufunsa akuluakulu a ozimitsa moto mmene amagamulira zinthu nthawi ikawathera, ndipo zina anazilemba m'buku lake la 1998, Sources of Power. Mkulu wina analowa ndi anyamata ake m'nyumba imene moto unkaoneka ngati uli kukhitchini. Anathira madzi, moto osamva. Mwadzidzidzi anawalamula onse kuti atuluke, iye mwini osadziwa chifukwa chake. Atangotuluka, pansi pamene anapondapo panatitimira: moto weniweni unali m'chipinda chapansi pa nyumbayo. Mkuluyo ankakhulupirira kuti ali ndi mphatso yoona zobisika. Kwathu kuno akanatsegula tchalitchi. Klein atamufunsitsa zinapezeka kuti m'chipindamo munkatentha kuposa mmene moto wa kukhitchini ungatenthetsere, komanso munali zii kuposa mmene moto wotere umakhalira. Makutu ndi khungu zinamva, mutu usanamasulire.

Mu 2009 Klein analemba limodzi ndi Daniel Kahneman, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2002 ndipo ankadziwika ndi kukayikira zouzidwa ndi mtima. Anthu ankayembekezera mkangano, koma awiriwa anagwirizana pa mfundo ziwiri: mtima ungadaliridwe pa malo pamene zinthu zimachitika mobwerezabwereza, komanso pamene munthu wakhalapo nthawi yaitali akulandira yankho msanga lakuti walasa kapena waphonya. Kudzikhulupirira kokha, ngakhale utagunda pachifuwa mpaka kutsokomola, si umboni. Agogo athu anazinena zonsezi m'mawu anayi okha, popanda mphotho.

Chimene timadumpha pa mwambiwu ndi chakuti galuyo ndi wamkota m'tchire la kwawo. Bambo amene kunyanja ku Nkhata Bay amangoyang'ana mtambo n'kudziwa kuti mwera ubwera madzulo, bwato lisalowe, akafika kuno amachapa malaya m'mawa dzuwa likuswa mtengo, masana n'kukawatola kuseri kwa mpanda wa eni atanyowa ndi mvula ya mu Julayi. Mvula m'nyengo yozizira! Mphuno yake siinafe ayi, koma fungo lonse ndi lachilendo. Ayenera kuvomera kukhalanso kagalu chaka chimodzi kapena ziwiri, kuyenda pambuyo pa amene anafika kale. Apa ndi pamene amuna ambiri zimawavuta, makamaka ngati woyenda patsogoloyo ndi mphwawo, kapena, choopsa koposa, mkazi wawo amene anatsogola kubwera.

Amene anaphunzira bwino dera lino ndi anyani. Funsani aliyense wa ife wogwira ntchito ya m'dimba ku Kommetjie kapena ku Capri. Nyani alibe kalendala, koma tsiku lotulutsa mabini amalidziwa kuposa mwini nyumba. Amadziwa zenera limene adona amaiwala kutseka, ndiponso amasiyanitsa munthu wonyamula mfuti ya timipira ta penti ndi wonyamula tsache. Palibe anamulotetsa, wayesa mabini ambiri, ndipo lililonse limamuyankha pompo, mkate kapena kanthu kowawa pamsana. Wotchuka mwa onse anali Kataza, amene mu 2020 anamuchotsa ku Kommetjie kukamusiya ku Tokai pomuganizira kuti ndiye amatsogolera anzake kulowa m'makomo. Anthu anaima m'misewu ndi zikwangwani, nkhani inafika kukhoti, anamubweza, ndipo kumayambiriro kwa 2021 anamupititsa kumalo osungirako nyama ku Limpopo.  

Tsono pali tchire limodzi lomwe mulibe fungo ngakhale pang'ono, ndipo tonse timagona nalo pamutu: foni. Bambo yemwe pa Pokela Road amazindikira tsotsi ali patali, pongoona mmene wapindira dzanja m'jekete, akalowa pa WhatsApp amasanduka mwana wa dzulo. Uthenga wabwera: ikani R500, pakatha masiku asanu mulandira R2,500, chithunzi cha munthu atatsamira galimoto chili pompo, ndi vesi pansi pake. Bambo aja m'dzanja mwayamba kuyabwa. "Mayi a mwana, ulendo uno mtima wanga wakhazikika." Wakhazikika bwanji pa munthu amene simunamuonepo maso, simunamve mmene mawu ake amanjenjemerera mukamufunsa za kwawo? Chomwe chalankhula pamenepo ndi lendi ya pa 1, fizi ya mwana ku Zomba ndi feteleza amene wakwera kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Njala nayo imadziwa kulankhula ndi mawu a mtima, ndipo imatchula bwino kwambiri.

Asatinamize wina kuti izi zimagwera osaphunzira okha. MMM, ya Sergei Mavrodi wa ku Russia, inkalonjeza 30 peresenti pamwezi ndipo inagwa m'dziko muno mu 2016, itameza ndalama za anthu a matayi ndi a maovolosi omwe. Mirror Trading International inali ndi ofesi ku Stellenbosch, kwa eni minda ya mphesa ndi yunivesite, ikulonjeza phindu lokoma pa bitcoin. Inagwa mu Disembala 2020, mwezi womwe Masi ankapsa, ndipo mkulu wake Johann Steynberg anakamugwirira ku Brazil patatha chaka. Onse amene anaikamo ndalama mitima yawo inali itakhazikika. Malo otere amakupatsa nyama pa una woyamba ndi wachiwiri mwadala, kuti pa wachitatu ubwere ndi khasu, mkazi ndi apongozi.

Palinso mlendo wina amene amabwereka jekete la mtima, ndipo ameneyu ndi woipa kuposa njala. "Ine Mzimbabwe mtima wanga umangomukana." "Wa sipaza uja, Msomali, nkhope yake siindisangalatsa." Mwamuona akuchita chiyani? Palibe. Umenewo si mtima, ndi miseche imene inalowa kukhutu n'kukhala nthawi yaitali mpaka kuyamba kudziyesa mwini nyumba. Ife tiyenera kukhala omaliza kuupatsa mpando, chifukwa mu Meyi 2008 panali anthu amene mitima yawo inawauzanso motsimikiza za alendo, ndipo alendowo anakagona m'matenti ku Soetwater, nyanja ikuwomba m'nyengo yozizira. Masi anatchuka nthawi imeneyo chifukwa atsogoleri ake anapepesa poyera, anthu n'kuyenda khomo ndi khomo kutolera katundu wobedwa kuti abwezedwe kwa eni ake. Kupepesa kuja kunali kuvomera kuti chimene chinkamveka chotsimikizika Lachisanu chinali cholakwika pofika Lamulungu.

Ine kuona kwanga, mtima umaleredwa ndi mafunso achipongwe. Ukati "usadutse njira iyo," umvereni kaye, chifukwa kuzungulira sikudula ndalama, ndipo mukalakwa mwangotaya mphindi khumi. Koma mukafika kunyumba ufunseni kuti unaona chiyani. Mwina ana amene amasewera pakona paja kunalibe. Mwina mayi wogulitsa mapazi a nkhuku anali atalongedza dzuwa likadalipo. Mukachitchula dzina chinthucho, mawa mudzachiona msanga, ndipo mungathe kuphunzitsa wina. Ukati "tumiza ndalama," mafunso achuluke kuposa apo, chifukwa kulakwa kwake ndi kwa mwezi wathunthu wogwada m'kapinga wa eni. Idyani kaye nsima, mugone, muuze munthu mmodzi amene sakuopani. Chinthu choona chimapirira usiku umodzi; wokuuzani kuti mwayi utha 12 koloko usiku uno ndiye akuopa kuti kukacha muganiza.

Ndiye pali ntchito imene palibe amaikonda, yochotsa mlembi wokondera uja. Foni yomwe ikutidyera ndalamayi ili ndi polemba. Mtima ukanena kanthu, lembani tsiku lomwelo zisanachitike: bwana watsopanoyu sadzalipira pa nthawi, mnyamata akufuna kulowa chipereganyuyu adzathawa akalandira, mvula igwa Loweruka. Pakatha miyezi itatu werengani. Ambiri adzapeza kuti pa za mabwana ndi malandilodi amalasa mochititsa mantha, chifukwa awona ambiri ndipo yankho limabwera mwezi ukatha. Pa za mpira, Lotto ndi chikondi cha pa Facebook, ndibwino kuwerenga muli nokha, chitseko chotseka.

Inu amene mwakhalitsa kuno, mlendo akatsika basi musamangomuopseza kuti "uko usapiteko, ndikudziwa ine." Yendani naye, mumuonetse chimene inu mumaona, kuyambira pa kona ya sipaza mpaka pa mmene mphepo imalizira malata. Muuzeninso pomwe pasipoti imagona. Ndipo gulu la pa WhatsApp lija la R500, limene mwakhala mukulisuzumira kuyambira ndime yapakati ija, tulukanimo usiku uno, musanalandire malipiro a mwezi uno.