Madamu Athu a ku Myuziyamu

Pa Mayani nkhani siyenda wapansi, imakwera njinga yamoto. Mwana wa mlongo wanga atangotsika pasiteji, kachikwama kumsana, kachiphaso kakulendewera pachifuwa ndi chingwe chabuluu, amayi ogulitsa kachewere anali atamva kale kuti wayamba ntchito. Pofika madzulo anali atamukweza udindo: amati ndi bwana wa zamafoni ku Mua.

Zoona zake n'zakuti mtsikanayu akadali pakoleji, akuphunzira zofalitsa mauthenga, ndipo holide ino sukulu yamutumiza ku atachimenti ku myuziyamu ya ku Mua. Amagwira ntchito, amalemba lipoti, aphunzitsi n'kumupatsa malikisi. Malikisi sagula feteleza. Koma tayesani kufotokozera zimenezi munthu amene waona chingwe m'khosi. Kwathu kuno chingwe chotero amavala ndi anthu a mabungwe, aja amabwera pa galimoto zoyera kudzalemba mayina.

Oyamba kuodira anali aneba athu a kuseri kwa chigayo, foni ili m'manja, yomangidwa ndi mphira.

"Madamu, iyi ikumangozima ndikamalankhula ndi mnyamata wanga wa ku Joni. Ndiye ndati poti inu ndi a komyunikeshoni..."

"Ayi bambo, ine sindikonza mafoni. Ndimajambula zithunzi, kulemba mawu ofotokoza zinthu, n'kuika pa Facebook kuti alendo adziwe zomwe zili kumeneko."

"Ndiye amakulipirani kuti muzingokhala pa Facebook?"

"Sindilandira malipiro, ndi sukulu."

Anebawo anamwetulira mwaulemu. Amadziwa kuti andalama onse amakana chomwechi. Potsanzika foni ija anaisiya pampando.

Kuyambira pamenepo anthu amene anamuona akuthamanga wopanda nsapato analeka kumunena kuti iwe. Wakabaza amene ankamunyamula pangongole anakweza mtengo, ati Madamu sangakwere pa mtengo wa anthu wamba. Ku tiyirumu anamutulutsira kapu ya chogwirira, ija amasungira aphunzitsi aakulu. A komiti ya kutchalitchi anabwera awiriawiri kudzamupempha kuti akhale mlendo wolemekezeka pa Pepa Sande. Ine ngati mwinimbumba ndinalandira nawo ulemuwo, pamodzi ndi madandaulo a fizi, a malata ndi a maliro a chaka chatha. Ndalama yake ya thiransipoti yobwerera kutsika Khwekhwerere ndinamupatsa ndine, kuseri kwa nkhokwe, mopinda m'dzanja, kuti mbiri ya banja isaonongeke.

Malo amene akuphunzirako ntchitowo si achibwana. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni, komwe amisiri amasema ndi kujambula. M'kati mwake muli Chamare Museum, yosunga za Achewa, Angoni ndi Ayao, mitundu yomweyi imene timakanganirana mitengo ya nyemba pamsika wa Mayani. Muli nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana. Mtsikanayu akuti alendo achizungu amakonda kwambiri Simoni, wa nkhope yofiira psuu uja, ndipo iye amavutika posankha mawu aulemu owauzira kuti gule ameneyu amaseka yani.

Vuto linabuka pamene anafuna thandizo kwa agogo ake aamuna, munthu wometa, amene ng'oma ikalira kumudzi phazi limayamba lokha kugunda pansi. Anawapeza akuwotha dzuwa pakhonde, chikhoti mpaka m'makutu chifukwa cha mphepo ya mu Julaye, n'kugwada bwinobwino, foni patsogolo.

"Agogo, chigoba ichi anasema ndi mtengo wanji?"

Agogo anatsamwa ndi malovu awo omwe. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kuona ngati pali mkazi amene wamva, kuiwala kuti wofunsayo ndi mkazi ndipo foni yake yadzaza zithunzi zotero.

"Chigoba chanji? Chimenecho ndi chilombo. Chilombo sasema."

"Nanga chimachokera kuti?"

"Ukafunse amene anakupatsa chingwecho."

Mtsikanayu anawauza agogowo kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Iwo anafunsa ngati a UNESCO-wo anagula njira. Kenako anatembenukira kukhoma, kusonyeza kuti mlandu watha. Koma diso limodzi linatsalira pafoni. Mtsikanayu akupitiriza kusuntha zithunzi ndi chala, akuwerenga mokweza zimene analemba mu kope lake, anangomva kukhosomola.

"Bwerera. Uyo wati ndani?"

"Chadzunda, agogo."

"Chadzunda wa kuti? Chadzunda angaoneke mwana chotere? Ndi nkhalamba imene ija, mwini bwalo, kuyenda kwake n'kotsimphina. Fufuta msanga anthu asakuseke."

Anakhala pamenepo mpaka mthunzi unafika pakhonde, agogo akukonza dzina ili, akukana ilo, akudandaula kuti ana a masiku ano amasokoneza Maliya ndi gule aliyense wovala chitenje. Pomaliza anamukodola ndi chala. "Mu lipoti lakolo usalembemo dzina langa. Ine sindikudziwa kalikonse, ndipo sitinaonane."

Atalimba mtima ndi zimenezi, Madamu athu anaganiza zotukula kwawo. Anaitana achinyamata pansi pa mtengo wa pafupi ndi msika n'kuwauza kuti safunika kupita kutali kukaona zodabwitsa. M'mapiri a Chongoni, m'boma lathu lomwe lino, muli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo mu 2006 UNESCO inawalemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, osaka nyama amene anali kuno makolo athu asanafike. Zoyera n'za Achewa, zina za chinamwali, zina za gule. Anatchula Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, n'kunena kuti akufuna gulu loti apite nalo Loweruka akajambule.

Onse anamvetsera mwachidwi. Dzanja loyamba kukwera linafunsa ngati kuli alawansi. Lachiwiri linafunsa za matisheti. Mnyamata wina wa dera la kumeneko ananena kuti mapanga otero iye ankausamo mvula akudyetsa mbuzi, ndipo palibe anamuuza kuti wakhala pa chuma cha dziko lonse. Anafuna kudziwa ngati zaka zimenezo zingawerengedwe ngati ekisipiriyensi. Atamva kuti aliyense adzilipirira yekha ulendo, msonkhano unasanduka wa anthu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo amadikira kubwereka chaja.

Koma uthengawo sunagwe pansi. Tsiku lotsatira kunabwera mkulu wina wamabizinesi, amene anagulitsapo kaunjika, makala ndi mankhwala a makoswe. Anavula chipewa, anakhala pansi, anafunsa za moyo wa aliyense mpaka wa nkhuku, kenako anatsitsa mawu.

"Madamu, ndamva kuti azungu amakwera ndege kudzaona mwala."

"Amabwera ndithu, bambo."

"Ndiye kumunda kwanga kuli chimwala chachikulu, chongokhala. Laimu ndili naye wotsala pomwe ndinkapaka golosale, ndipo mwana wanga wa Fomu 2 amajambula abuluzi bwino kwambiri. Pofika Lachinayi tikhala tamaliza. Inu mungondiuza kuti a UNESCO amafuna zikhale za chaka chanji."