Mwana wa Ng'ona Wochokera ku Nagoya

Pa 1 April 2025 apolisi a ku Japan anasiya kupereka kachomata kena kozungulira kamene kwa zaka zambiri kankamatidwa pa galasi la kumbuyo kwa galimoto. Kachomatako kanali umboni wakuti mwini galimoto ali ndi malo ake oiimikapo usiku, pakuti m'mizinda ya kumeneko munthu salembetsa galimoto asanaonetse pomwe izigona. Nkhaniyi sinafike ku Misisi, komboni ya mu Lusaka, ndipo palibe amene anakhuza maliro. Komatu imawakhudza anthu a ku Misisi. Zaka zikamapita, wofuna kuona kachomatako adzachita kubwera ku Lusaka, n'kuima m'mbali mwa Kafue Road chakumadzulo, pamene ma Corolla, ma Spacio ndi ma Vitz akukhotera m'komboni, iliyonse ili ndi umboni wa apolisi wakuti pogona ili napo ku Osaka.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iwo ankanena za anthu, koma mwambiwu wapeza mwini wake tsopano, ndipo ali ndi matayala anayi.

Titenge Corolla imodzi yoyera ya 2005, ya mtundu uja wadzaza pa siteshoni iliyonse ya matakisi kuyambira ku Kamwala mpaka ku Matero. Galasi lake la kumbuyo lili ngati khadi la mwana la kusikelo: aliyense amene anaigwirapo anasiyapo chidindo. Pansi penipeni pali kachomata ka sitolo imene inaigulitsa ili yatsopano, ka zilembo za Chijapani zimene mwini wake wa lero sanaziwerengepo. Kwawoko kampani ya Toyota inali ndi masitolo a mitundu inayi, Toyota, Toyopet, Corolla ndi Netz, ndipo mpaka May 2020 mtundu uliwonse unali ndi magalimoto akeake. Wofuna Crown ankalowa khomo lina, wofuna Vitz lina. N'chifukwa chake ma Vitz ambiri a mu Lusaka ali ndi baji ya Netz pamphuno, Harrier ili ndi mbalame, Crown ili ndi chisoti chaufumu, ndipo Corolla yathuyi ili ndi baji yakeyake m'malo mwa mikombero itatu yolowana imene Toyota inayamba kugwiritsa ntchito mu 1989. Mkangano wake suchepa. Wogula amazungulira galimoto kawiri, n'kugogoda baji ndi chikhadabo: "Amalume, iyi si Toyota yeniyeni, mwaisintha." Wogulitsa amalumbira pali mayi ake, ndipo kamodzi kokha pa malonda onsewo amakhala akunena zoona.

Pambali pa kachomata ka sitolo pali china cha nyenyezi zinayi. Boma la Japan linkapereka nyenyezizo kwa galimoto imene utsi wake woipa unali wochepa ndi 75 peresenti poyerekeza ndi muyezo wa 2005. Corolla yathu idakali nazo zonse zinayi. Ikamanyamuka pa maloboti, wanjinga amene ali kumbuyo amatseka mphuno ndi chipewa, kachitsulo kosefa utsi kanachotsedwa kalekale n'kugulitsidwa, koma nyenyezi zili nganganga. Dalaivala akafunsidwa tanthauzo lake amayankha kuti ndi nyenyezi zonga za hotela, ndipo amakweza mtengo wa ulendo.

Pali tsamba lina lobiriwira mbali imodzi, lachikasu mbali inayo, limene anyamata a maminibasi amalikonda kwambiri. Ku Japan, kuyambira 1972, tsambalo ndi la munthu amene sanathe chaka chiyambire kuyendetsa. Limauza anzake pamsewu kuti amulezere mtima. Ku Lusaka mudzaliona pa Hiace ya mdala amene wakhala pa chiwongolero kuyambira masiku a mabasi a UBZ, akudutsa ndi matayala awiri pa msewu, awiri m'ngalande. Ndipo chizindikiro cha okalamba, chimene kumeneko amamata a zaka 70 kupita m'tsogolo, kuno chili pa Altezza ya mnyamata amene ndevu sizinamere.

Chimene chinachotsa mwana wa ng'ona m'dziwe la kwawo si njala ayi, koma mayeso. Galimoto ya ku Japan imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndalama zake n'zowawa, mwakuti ambiri amaona kuti bola kugula ina. Yakaleyo imapita ku okushoni, n'kugwa m'manja mwa makampani otumiza magalimoto kunja. Apa m'pamene imalandira chomata cha Be Forward kapena SBT. A ku Malawi dzina loyambalo amalidziwa bwino, popeza linakhala zaka zingapo patsogolo pa dzina la timu ya Wanderers ya ku Blantyre. Oyesa magalimoto asanakwere sitima, monga a JEVIC, amamatanso chawo pa galasi la kutsogolo. Ikatsika ku Dar es Salaam imapatsidwa nambala ya IT, n'kuyamba ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000: Tunduma, Nakonde kumene a ZRA amaidikira ndi msonkho, Mpika, Serenje, Kapiri Mposhi, Kabwe. Ikamalowa mu Lusaka imakhala itaona maiko ambiri kuposa mwini wake, amene pasipoti alibe.

Ulendo wonsewo muli mayi wina m'galimotomo. Dalaivala akangoliza injini, mayiyo amalankhula mwaulemu m'Chijapani, kukumbutsa kuti khadi lolipirira misewu silinalowetsedwe. Wakhala akukumbutsa m'mawa uliwonse kwa zaka zoposa khumi. Pa geti la Shimabala amafuna makwacha, osati khadi la ku Nagoya, koma mayiyo satopa. Madalaivala ena amati amawapatsa moni, ndipo amayankha: "Tauka bwino amai, kaya inu."

Corolla sifikira ku Misisi. Imayamba yakhala kumayadi, ku Kabulonga kapena ku Woodlands, kumene imalandira chomata cha sukulu ya ana a bwana ndi cha kampani ya alonda. Ikayamba kudya oilo imatsikira ku Chilenje kapena ku Libala, n'kulandira cha mpingo, cha msonkhano wa amayi, ndi cha Manchester United chimene mwini wotsatira amachiphimba ndi cha Arsenal. Zimbale za RTSA, ya msonkho wa msewu ndi ya fitinesi, zimasanjikana pa ngodya ya galasi chaka ndi chaka. Pa zomata zonsezi, chimene chimamatulidwa ndi chimodzi chokha, cha chipani. Wotchi ya MMD inapalidwa ndi lezala mu September 2011, bwato la PF linapalidwa mu August 2021, ndipo woyang'anitsitsa dzuwa likapendeka amaona zipsera zonse ziwiri pansi pa dzanja la UPND. Munthu wochenjera amamata cha chipani ndi sopo, osati ndi guluu.

Bwato lija likanathandiza, pakuti ku Misisi mwambiwu umasiya kukhala mwambi. Komboniyi inamangidwa pa mwala, pakati pa maenje amene anatsala anthu atakumba miyala, ndipo lalikulu mwa iwo ndi damu la Ngwenya. Madzi a mvula alibe kolowera. Mu January ndi February Corolla imachoka m'dziwe lina kulowa m'dziwe lina, madzi akufika pa bampala, okwera atakweza miyendo pampando. Nthabwala imathera pomwepo, chifukwa madzi omwewo ndiwo anasamutsira mabanja a ku Misisi ndi makomboni ena m'matenti pafupi ndi Independence Stadium mu 2010, ndipo ndiwo amabweretsa kolera. Kunena za pogona, galimoto imene apolisi a ku Japan anaichitira umboni sifika n'komwe pakhomo pa mwini wake, njira yake ndi yopapatiza. Imagona pa malo olipira, pansi pa diso la mlonda wa chibonga.

Mlondayo akawodzera, choyamba kupita ndi baji. N'chifukwa chake mu Lusaka baji imakhomedwa ndi maliveti, ndipo nambala ya galimoto imalembedwa pa magalasi a m'mbali ndi pa nyali. Amene anachedwa kukhoma amapita m'tauni kukafuna ina, ndipo mnyamata wa masipeyala amamuuza kuti, "Dikirani pang'ono a bosi, ndibwera nayo manje manje." Imene amabwera nayo imakwana bwino modabwitsa, ngakhale kachipsera ka pakona n'kofanana. Mabaji ena amakwera pa udindo, ena amatsika. Nyenyezi ya Mercedes-Benz, imene nsonga zake zitatu zimaimira mtunda, nyanja ndi mlengalenga, imapezeka kutsogolo kwa wilibala ya Zamcab imene yasenza matumba a makala kuchokera ku Soweto Market. Pa zitatuzo, wilibala ya ku Misisi imakwanitsa ziwiri.

Komabe m'makomboni muno muli agogo amene Corolla iyenera kuwagwadira. Kuseri kwa nyumba zina ku Matero, ku Chawama ndi ku George kuli Peugeot 504, Datsun 120Y kapena vaneti ya Datsun 1200, ina ikuyenda, ina yakhala pa njerwa nkhuku zikuikiramo. Pa buti ya ina mudzapeza dzina la amene anaigulitsa: Duly Motors ngati ndi Ford, Mobile Motors ngati ndi Toyota ya masiku amenewo. Ku Ulaya ndi ku America osunga magalimoto akale amakangana ngati chizindikiro cha wogulitsa chiyenera kusiyidwa kapena kuchotsedwa pokonzanso galimoto. Mdala wa ku Matero funso limenelo alibe. Mkango wa Peugeot, umene kampaniyo inaulembetsa mu 1858 ikupanga masowo, amaupukuta Loweruka lililonse ngakhale injini inagulitsidwa mu ulamuliro wa Mwanawasa. Mukamuputa adzakuuzani kuti 504 inapambana mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1975, ndipo sakunama.

Ena mwa agogowa anabadwira konkuno. Fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba ntchito mu 1972, ikumanga magalimoto a Fiat, ndipo pambuyo pake inamanganso Peugeot 504. Zidutswa zinkachokera kunja, ndipo odandaula za mtengo ndi za kuchedwa analipo ambiri, koma manja amene ankamanga anali a ana a Zambia. Zitseko za malonda zitatseguka pambuyo pa 1991, salaula wa magalimoto analowa pamodzi ndi salaula wa zovala, ndipo fakitaleyo sinapirire. Palibe wanzeru amene angalakelake masiku odikira galimoto pa mndandanda. Corolla ya ku okushoni yaphunzitsa ana ambiri ku Kanyama kuposa Fiat iliyonse. Koma apa mwambi uja ukutsimphina. Mwana wa ng'ona amasintha maiwe kuti akule. Galimoto iyi inakulira kwina, mphamvu zake inasiya kwina, ndipo kuno yabwera kudzakalamba. Kuchoka ku Misisi kulibe dziwe lina, kuli sikelo ya ogula zitsulo zakutha.

Chodabwitsa n'chakuti imachedwa kufika pa sikeloyo. Galimoto imene ku Japan anaitaya ili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kuno imayenda zina khumi ndi zisanu. Amene amachita zimenezo ndi makanika wa pansi pa mtengo, amene amatsitsa giyabokosi ndi chingwe ndi anyamata atatu, wowotcherera amene walumikiza ekizozi yomweyo kasanu, ndi wamawaya amene amadziwa chifukwa chake hutala imalira munthu akaponda buleki. Sitolo ya ku Nagoya inakhala ndi galimotoyo masiku owerengeka, koma dzina lake lili pa galasi mpaka lero. Wotumiza anaiona pa kompyuta pokha, dzina lake lilipo. Chipani sichinathirepo ngakhale lita imodzi ya petulo. Makanika, amene wagona pansi pake m'matope nyengo khumi za mvula, sanasiyepo chilichonse koma chidindo cha chala chakuda pa chitseko, ndipo chimenecho wotsuka magalimoto amachifuta tsiku lomwelo.

Choncho amakanika a ku Misisi, a ku Kalingalinga ndi a ku Mtendere, osindikiza zomata ali mbwee m'tauni, ndipo mtengo wake sufika pa wa mapulagi anayi. Lembani dzina la galaja, ngakhale galajayo ndi mthunzi wa mtengo wa mango, ndipo mumate pamwamba pa nyenyezi zinayi zija. Eni magalimoto asakane, makamaka amene ali ndi ngongole ya mwezi watha.