Alemekezeke a Tunnel, mfumu ya makomo achilendo

Ku Nkhotakota timatama chambo, mpunga ndi shuga wa ku Dwangwa, koma palibe amene anawaombera m'manja a Tunnel. Chonsecho ndi iwo amene amalola katswiri wa makompyuta kukhala phee ku Lilongwe n'kumalamula marauta a m'maloji a kunyanja. Lero alandire ulemu wawo.

Rauta yodalira simu khadi ya Airtel kapena TNM kawirikawiri ilibe adiresi yakeyake pa intaneti, imagawana imodzi ndi makasitomala ena ambirimbiri. Wakunja akaodira, palibe womuyankha. Ndiye kachipangizo ka kunyanjako ndi kamene kamayamba kuimbira seva ya kutauni, n'kusiya njira yotseguka ngati mpita wa mbewa. Njira imeneyo ndiwo a Tunnel, mwana wa SSH, imene Tatu Ylönen anailemba ku Finland mu 1995.

Ukulu wawo umaonekera pa manambala. Khomo la SSH ndi port 22, koma mfumu siunjika anthu ake pakhomo limodzi. Rauta ya ku Chia amaipatsa 2201, ya kufupi ndi Bua 2202, ya ku Dwangwa 2203. Makomo alipo oposa 65,000, ndiye akhoza kugawa mpaka kukalamba. Script ya Python yogwiritsa ntchito Netmiko ikapanda kuuzidwa nambala imathamangira pa 22, n'kukaodira pa seva yomwe ikukhalapo, kenaka n'kudandaula kuti pasiwedi ndi yolakwika. Ndi mphunzitsi uti winanso angaphunzitse munthu kudekha chotere?

Tsankho alibe. Pamaso pawo rauta iliyonse dzina lake ndi 127.0.0.1, ya loji yapamwamba ndi ya kagolosale chimodzimodzi. Chala chikaterereka pa nambala imodzi, malamulo a ku Dwangwa amakafika ku Chia, ndipo alendo a kumeneko amapeza mpata woyang'ana nyanja m'malo mwa foni.

Ngakhale imfa yawo ndi yaulemu. Magetsi akathima kapena netiweki ikagwa, amatsirizika osatsazika, koma mzimu wawo umakakamirabe pa port ija ku seva. Pulogalamu ya autossh ikawadzutsa, amapeza mpando wawo wakhalidwa ndi iwo eni, n'kukana kulowa. Katswiri akatumiza lamulo lolakwika lotseka njira yomwe akudzeramo, a Tunnel amamupatsa mphoto ya ulendo wa makilomita pafupifupi 200, kudzera ku Salima ndi msewu wa M5, kuti akangodina kabatani kamodzi.

Choncho inu akatswiri, mfumu yotere musamaiyendere chimanjamanja. Lembani m'kope nambala ya port ya chipangizo chilichonse, muiikenso mu script, muyese kaye lamulo pa rauta imodzi, ndipo ndalama ya basi ya ku Nkhotakota muzikhala nayo m'thumba.