Benz yomwe inagwada

Ku Mogoditshane, kunja kwa Gaborone, kumene magalimoto ochokera ku Japan amagulitsidwa ngati tomato, mudzapezabe bambo wina amene wakakamira Mercedes W123 yake, ija ankaipanga pakati pa 1976 ndi 1986. Kumbuyo inagwada kalekale, moti ikafika pa hampu imayamba yapereka moni ndi mimba.

Bamboyu akapita kugalaja, mawu ake ndi amodzi: "Ikani mashoko atsopano." Makaniko waulemu amawaika, ndalama nkulandira, galimoto nkutuluka ili chigwadire. Mashoko ntchito yake nkuletsa kudumphadumpha basi. Chonyamula galimoto ndi masipuling'i, ndipo a zaka 40 anatopa. Pamwamba pake pamakhalanso timphira tokhuthala mosiyanasiyana tosinthira msinkhu, timene ambiri sadziwa nkomwe kuti tilipo. Mabushi nawo dzuwa la ku Botswana linawawotcha mpaka kung'ambika. Mabushi atsopano amangidwe galimoto itaima pa matayala ake, osati ili m'mwamba pa jeke, apo ayi mphira umapotoka nkuthanso msanga.

Bamboyu akavomera kusintha masipuling'i ndi mabushi, zipangizo nkubwera kuchokera ku Johannesburg kudzera pa chipata cha Tlokweng, Benz imadzukadi. Bamboyu amatenga tepi, kuyeza kuchokera pakati pa gudumu kufika pa madigadi, mbali zonse ziwiri, anthu akuonerera.

Loweruka lake, ulendo wa ku khola la ng'ombe kumudzi: matumba anayi a simenti, chigubu cha madzi, apongozi awiri ndi mbuzi m'buti. Lolemba m'mawa ali pagalaja, akuti makaniko anamuikira masipuling'i abodza.